Wowaza Nkhuni wa pa Ng'anjo ya a Nambara

Imbe, 14 Novembala 1971

Amake Tomie,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu ndi Tomie. Ine ndafika bwino, ngakhale sitima inandiswa msana, masiku awiri munthu ali chikhalire. Bondo lija lili bwino, musayambe kudandaula.

Kuno kulibe chipale chofewa ngakhale pang'ono. Anthu akuyenda ndi malaya amodzi n'kumanena kuti kwazizira. Ndinawauza kuti abwere kwathu ku Iwate adzaone chitseko chikukana kutseguka m'mawa, ndiye adzadziwa kuzizira.

Ntchito ndi yomwe msuweni wanu ananena ija, kuwaza nkhuni za paini. Abwana ndi a Nambara, mdala wa zaka 71, woumba mitsuko, mbale ndi zikho za tiyi. Pakhomo tili atatu basi: iwo, akazi awo ndi ine. Ng'anjo yawo inamangidwa chokwera phiri, zipinda zitatu zotsatana, ndipo imayaka kamodzi pachaka, m'Malichi. Pamenepa mumvetse bwino: chilichonse chimene mdala waumba chaka chonse chimalowa pa moto umodzi. Moto umenewo ukalakwika, chaka chapita. Mitengo anadula kale ndipo yauma, yanga ndi kuiwaza ndi kumanga mitolo yoposa chikwi.

Za chaka chamawa sanalonjeze kanthu. Anangoti tidzaona tikatsegula ng'anjo. Nokha mukudziwa mmene zilili. Ku Tokyo kapitawo wa zomanga uja anangoyang'ana bondo langa n'kundionetsa chipata. Makala athu anatha msika chibwerere gasi m'makhitchini. Munthu wa zaka 57 ndikachoka pano palibenso amene angandilembe, ndipo munda wathu wokha sungatidyetse chaka chonse. Choncho malo ano ndawagwira ndi manja awiri.

Mayi Nambara, munthu wansangala, anandipatsa lamulo tsiku loyamba lomwe ndikumwa tiyi. Akuti pa ng'anjo wolankhula za moto ndi munthu mmodzi, mwini wake. Amene analipo ine ndisanabwere, mkulu wina wa ku Kyushu, anayesa kulangiza mdala za moto, m'mawa mwake anali m'sitima. Ndinati mayi musade nkhawa, ine pakamwa ndinasiya kwathu, akazi anga amalankhula m'malo mwa tonse awiri. Musakwiye, n'zoona.

Kutha kwa mwezi ndidzatumiza mayeni 30,000. Kabichi uja mumuike m'mchere chisanu chisanamuwononge. Chipale chikadzaza padenga musakwere nokha, ndakuuzani kambirimbiri, muitane a Kumagai oyandikana nafe aja. Ng'ombe muziipatsa madzi ofunda, iyo ndi thole lomwe.

Mwamuna wanu,
Sakuzo


Imbe, 20 Disembala 1971

Amake Tomie,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Tomie chatha. Inu simunanene za thupi lanu, ndiye ndikuganiza kuti msana wayambanso. Ine ndili bwino, ndanenepa, lamba ndaboola chibowo china.

Sabata ziwiri zapitazi tinali kukumba dongo. Simungakhulupirire kumene limachokera: pansi pa munda wa mpunga. Akakolola, amachotsa dothi la pamwamba n'kuliunjika pambali, kenaka amakumba mpaka munthu kumira m'khosi. Ine mlimi mtima unandipweteka kuona dzenje pakati pa munda wabwinobwino, koma amakwiriranso, ndipo mwini munda akuti mpunga sukwiya. Dongo limene takumbali saligwiritsa ntchito chaka chino kapena chamawa. Amaliika m'chipinda chamdima ligone zaka. Limene mdala akuumbira pano anakumba tsitsi lake lisanachite imvi.

Masana ndikatopa ndi nkhwangwa ndimaima pakhomo la nyumba youmbira. Mdala amazungulitsa gudumu lake ndi kandodo, n'kuika manja, dongo n'kumakwera lokha pakati pa zala. Sayang'ana n'komwe. Sapakanso utoto uliwonse. Tsiku lina ndinalimba mtima kufunsa kuti nanga zofiira ndi zachikasu za pa mitsuko yakale zimachokera kuti. Anati ndi moto ndi phulusa, iwo ntchito yawo ndi kudziwa malo oika chinthu m'ng'anjo. Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene andilankhula mwezi wonse.

Chakudya ndiye musanene. Nsomba za m'nyanja zaziwisi, zosathira mchere ngati zathu zija, ndipo mtengo wake ndi theka la kwathu. Manachesi amangotipatsa oyandikana nawo, thumba lonse. Ndimadya n'kumakumbukira inu mukutsuka mpunga m'madzi oundana, mtima n'kumandiwawa. Mayi Nambara amandiseka kuti ndimalankhula ngati ndatsekera mbatata m'kamwa, ndipo ine ndimawabwezera kuti anthu a kuno amalankhula ngati akukangana pa msika.

Pali kena kake ndaona pakhomo pano. Dzana mdala anathira tiyi pambali pa chikho, n'kupitiriza kuthira. Tsiku lina ndinaima pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwanga, anandiitana dzina la akazi ake. Mwina ndi ukalamba chabe. Si zanga, ndipo inu musakambe ndi munthu.

Chaka Chatsopano sindibwera, tikiti ndi yokwera mtengo ndipo nkhuni sizinafike theka. Pa ndalama ndatumizazi mumugulire Tomie nsalu ija amaisirira, inunso mugule mankhwala opaka msana. Musandinamize kuti mwagula.

Sakuzo


Imbe, 13 Febuluwale 1972

Amake Tomie,

Moni nonse. Ndamva kuti chipale chafika m'mawindo ndipo a Kumagai akwera padenga katatu. Muwapatse botolo la mowa, osati lotchipa lija. Ine ndili bwino m'thupi, koma ndachita chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndi bwino muchimve kwa ine.

Asanalonge zinthu, amayatsa kamoto kakang'ono m'ng'anjo yopanda kanthu kuti chinyezi chituluke. Mdala anandisiya kuti ndiziyang'anira. Ndinakhala pamenepo tsiku lonse ndikuponya nkhuni imodziimodzi, maganizo ali kwathu. Madzulo utsi wa pa chumuni unasiya kuyera, unapyapyala n'kuyamba kubiriwira. Amake Tomie, zaka 35 ndakhala ndikuotcha makala, ndipo utsi ukatero munthu umamata pakamwa pa uvuni msanga, apo ayi upeza phulusa lokha. Mutu sunaganize. Manja anatenga matope okha n'kumata pakamwa pa ng'anjo bwinobwino, mosalala, monga anandiphunzitsira bambo anga.

Mdala atabwera anakhudza pakamwa pa ng'anjo. Kenaka anati, "A Sakuzo, mukuotcha makala a ndani?"

Mayi Nambara anaseka mpaka kukhala pansi. Mdala sanaseke. Anandiuza kuti makala amapsa ukaumana mpweya moto, koma dongo limapsa ukaudyetsa moto mpaka ukhute. Anakweza chala chimodzi n'kunena kuti kamodzi kokha, kachiwiri ayi. Ndinamva. Mwayi wake m'kati munalibe kanthu. Kwa eni kulibe mkuwe, ndinaweramitsa mutu n'kugumula matope anga.

Tsopano tikulonga. Mbale zina amazikulunga ndi mapesi a mpunga kuti zisamatirirane, ndipo pamene padutsa phesi pamatsala mzere wofiira. Mapesi amafuna kupuntha kuti afewe, ndipo pamenepo mlimi ndinabwezako ulemu wanga. Mdala anagwira mtolo wanga, anaupinda, n'kuutenga wonse. Mayi akuti kumeneko ndiye kuyamika kwake, ndisayembekezere kwina.

M'ng'anjo amalowa yekha chokwawa, ife timangomupatsira. Chinthu chilichonse ali nacho malo ake m'mutu, ichi pafupi ndi moto, ichi kuseri kwa chinzake. Mitsuko ikuluikulu ndi zikho za tiyi, zimene zimadyetsa banja lino, zapita m'chipinda chachitatu, chapamwamba.

Zija ndinanena mwezi wa Disembala si ukalamba chabe. Lachisanu mdala ankafufuza ndi dzanja chopalira chimene chinali patsogolo pake penipeni. Mayi anandipeza ndikuyang'ana, n'kundifunsa chimene ndaona. Ndinati ndaona nkhuni. Anati ndaona bwino.

Za mnyamata wa ku positi ofesi amene akufuna Tomie, musayankhe kanthu mpaka ndibwere. Amasuta kwambiri.

Sakuzo


Imbe, 9 Malichi 1972

Amake Tomie,

Ndikulemba mothamanga, khululukani zilembo. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso.

Moto tinayatsa Lamlungu. Mdala anaika mchere ndi kachikho ka mowa pamwamba pa khomo la ng'anjo, tonse tinawomba m'manja n'kuwerama, ndipo lero ndi tsiku lachisanu. Akuti udzayaka masiku khumi ndi awiri osazima. Mlamu wa abwana wabwera kudzathandiza, iye amagwira usiku, ine masana ndi mdala.

Masiku oyamba moto umakhala waulesi, nkhuni ziwiri zitatu basi, kuti dongo lisadzidzimuke. Kuyambira dzulo wayamba kudya. Mdala amakhala pa kampando, khutu lili ku ng'anjo, akamva kuti kulira kwa moto kwatsika amangoti ponyani, ine n'kuponya. Sindinanene liwu limodzi, mukanandinyadira.

Nsidze zapsa zonse, ndiye musadzabwerere pa siteshoni kuganiza kuti si ine. Koma ndikuuzeni zoona, ndasangalala. Chilekere makala sindinamvenso kutentha kotere pankhope. Ndinkaganiza kuti ndinaiwala.

Ndalama za mwezi uno zichedwa pang'ono, palibe wopita ku positi.

Sakuzo


Imbe, 19 Malichi 1972

Amake Tomie,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino. Khalani pansi muwerenge bwino, ndipo Tomie asaone kalata ino.

Ndalankhula.

Zinali tsiku la khumi ndi chimodzi. Chipinda chilichonse chili ndi kachibowo kosuzumirapo. Chikatsala pang'ono kupsa, mdala amachotsa njerwa yotseka chibowocho, amayang'ana mtundu wa moto, ukakwana timamata. Zipinda ziwiri zoyamba anazimaliza m'mamawa kuli mthunzi. Ine ndinali kumbuyo kwake ndi nkhuni, ndiye ndinaona zimene iye ankaona: moto woyera wobaya m'maso, mbale zikunyezimira ngati zanyowa.

Chachitatu chinafika masana, dzuwa litapendeka, likuwomba pa chibowo penipeni ndi pankhope ya mdala. Anachotsa njerwa, anayang'ana nthawi yaitali, anapukuta m'maso, anayang'ananso. Kenaka anati wakwana, matani.

Sunakwane, Amake Tomie. Unali usanayere. Mdala ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndanena tsopano, ndipo padzuwa chilichonse amachiona choyera. Mayi anali atapita kukatenga chakudya, mlamu ali m'tulo. Ndinaima ndi matope m'manja. Ndinaganiza za mkulu wa ku Kyushu, ndinaganiza za chala chija. Ndinadziuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, mata ukhale chete, zikatuluka zosapsa mlandu si wako. Koma munthu amene wakhala ndi moto moyo wake wonse sangaone moto wosakhwima n'kuumata. Ndinaika matope pansi.

Ndinati, "Abwana, za mitsuko sindizidziwa. Koma moto uwu sunafanane ndi wa zipinda ziwiri zija."

Sanatembenuke. Patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana, "Ndi wotani?"

"Ngati khungu la nachesi, abwana."

Anabwezera njerwa. Anaika khutu pafupi ndi khoma mpaka ndinaopa kuti lipsa. Kenaka anati ponyani.

Tinaponya maola ena asanu ndi awiri. Nthawi iliyonse akachotsa njerwa ankapatuka pang'ono n'kunena liwu limodzi, mtundu, ine n'kumuuza. Mayi atabwera ndi chakudya anamva zimenezi, anaika thireyi pansi n'kubwerera m'nyumba. Pamene ndinati tsopano wayera, ukubaya m'maso, mdala anamvetsera kulira kwake kaye, ndiye anati matani.

Kuyambira tsiku limenelo sanandilankhule. Amadyera kuchipinda kwake. Tikakumana pabwalo amayang'ana kumbali. Ng'anjo ndi yomata, iyenera kuzizira masiku khumi, ndipo palibe amene akudziwa zili m'kati. Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi: mlamu akuti moto ukapitirira, mitsuko imang'aluka kapena kupindika n'kumatirirana. Ngati ndinalakwa ndine, ndawononga chaka cha banja lino ndi pakamwa panga. Ngati sindinalakwe, ndachititsa manyazi mwini ng'anjo pa ng'anjo yake. Sindikuona njira imene ingandibweretsenso kuno, ndipo ndili ndi mantha, sindibisa.

Ndikupitiriza ntchito, ndikusesa ndi kuunjika mitengo ya chaka chamawa. Mayi amandiwonjezera nsomba m'mbale koma sandiseka monga kale.

Mufunse a Kumagai mtengo umene thole lingagulidwe. Kungofunsa chabe, musagulitse.

Sakuzo


Imbe, 2 Epulo 1972

Amake Tomie,

Kalata yanu yafika. Mwanditukwana masamba awiri kuti ndinalonjeza kusiya pakamwa kwathu, ndiye pansi pake mwalemba kuti mukanakhala inu mukanalankhula msanga kuposa ine. Ndawerenga katatu. Ndili bwino, ndipo ndakondwa kuti msana wachepa.

Tinatsegula Lolemba. Wogumula khomo ndinali ine, m'kati mudakali mofunda. Mdala anakhala pa mphasa, ife n'kumamupatsa chimodzichimodzi. Amachisisita ndi manja onse, kenaka amachigogoda ndi chala n'kumvetsera. Chopsa bwino chimalira ngati belu, chosapsa chimangoti phu. Zipinda ziwiri zoyamba zinatuluka bwino, ndipo palibe anadabwa.

Kenaka tinafika pa chachitatu. Mtsuko woyamba, waukulu, wa pafupi ndi moto, unatuluka utang'aluka kuchokera pakamwa mpaka pansi. Wachiwiri chimodzimodzi. Mlamu anandiyang'ana. Ndinati basi, Sakuzo, kamange katundu. Ndinanyamula wachitatu. Mdala anausisita, anagogoda, ndipo unalira mpaka mayi anamva ali kukhitchini. Wachinayi unalira. Kuyambira pamenepo onse analira, mitsuko ndi zikho zomwe, phulusa litasungunuka pamapewa ake n'kutsika ngati uchi. Ine sindidziwa za mitsuko, koma ndinaona mayi akupukuta misozi ndi epuloni.

Lachinayi kunabwera wogula wa ku Osaka, anakhala tsiku lonse, anapita atadzaza galimoto. Lachisanu mayi anandipatsa malipiro anga onse ndi bokosi la manachesi omaliza a chaka chino. Za chaka chamawa, zii. Ndinati chabwino, ndamva, bola banja lino lidya.

Dzulo masana ndinali m'kachipinda kanga ndikumanga katundu. Ndinali ndikukulunga majombo anga atsopano a ntchito m'nyuzipepala pamene chitseko chinatseguka. Mdala. Miyezi isanu sanapondemo m'chipinda chimenechi. Anamva kukhwekhwereza kwa pepala, n'kufunsa chimene ndikukulunga. Ndinamuuza.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kwathu, abwana."

"Kwanu kulibe majombo?"

"Alipo akale, abwana, obooka pang'ono."

"Ndiye awa mukulemetseranji sitima? Apachikeni pa msomali apo."

Iye anaima pakhomo, dzanja lili pa mphuthu, akuyang'ana pamwamba pa mutu wanga. Anati mwezi wa Juni apita kuchipatala ku Okayama, akuti kumeneko amachotsa ng'ala, koma sakhulupirira madokotala. Anati wowaza nkhuni adzapeza wina wa mawondo abwino. Kenaka anati, "Mitsuko iwiri ija ndinaiika pafupi kwambiri ndi moto ndine. Novembala mubwere msanga. Maso adzakhala anu, khutu langa."

Ndinagwada kuti ndithokoze, koma ndinalira, Amake Tomie, bambo wamkulu wopanda nsidze. Mdala ananamizira kuti sakumva, anatuluka n'kukalipira mayi kuti tiyi wachedwa. Madzulo tinadyera pamodzi tonse atatu, mayi n'kuyambanso kundiseka za kalankhulidwe kanga.

Thole musagulitse. Mbewu ya mpunga muyambe kusankha, tidzaviika ndikafika. Mnyamata wa ku positi uja mumuuze abwere Lamlungu, ndimuone bwinobwino, mtima wanga uli pabwino masiku ano ndiye agwiritse ntchito mwayi.

Ndinyamuka Lachiwiri, ndifika Lachinayi ndi sitima ya masana. Ndikudziwa kuti chipale chikusungunuka ndipo msewu wa kwathu ndi matope okhaokha. Ndibwera ndi nsapato zanga zoyendera, choncho muuze Tomie andichingamire pa siteshoni atanyamula majombo akale obooka aja. Atsopano ndawasiya ku Imbe, pa msomali.

Mwamuna wanu,
Sakuzo